Sitata ya Nyumba ya Achimwene

Achimwene anga a Dunstan anagona m'galimoto miyezi isanu, ndipo pa Amalawi onse a mu Glasgow wodziwa ndinali ine ndekha. Inali galimoto ija yaikulu yogonamo, yokhala ndi bedi, kasitovu ndi kachimbudzi m'kati, imene azungu amapita nayo kokapuma kumapiri. Anaigula kwa nkhalamba ina ukwati wawo ndi a Theresa udakali wokoma. Ukwati utasokonekera, alamu anga anatsala m'nyumba ku Maryhill, achimwene n'kutuluka ndi zikwama ziwiri. Za amene analakwa sindinena, chifukwa ndikayamba imeneyo sitimaliza lero.

Ine sindikanatha kuwasunga. Ndimasamalira okalamba, ndipo kachipinda kamene ndimagonamo ndi ka eni ntchito. Mlendo akangogona kamodzi, mawa lake ukuitanidwa ku ofesi. Choncho achimwene anakaimika galimoto yawo ku Govan, kuseri kwa chinyumba chakale chosungiramo makapeti, pomwe mwini malo, mayi wachizungu dzina lake Annette, anawalola mwachifundo chabe. Ankasamba ku hotela komwe amatsuka mbale. Lamlungu ankatulukira kutchalitchi atatchena suti, ndipo wina akawafunsa za kunyumba ankayankha kuti kuli bwino, kaya kwanu.

Lachinayi lina mu Novembala, Annette anabwera ndi nkhope yachisoni. Malo aja anali atagulitsidwa. Omanga nyumba abwera Lolemba nthawi ya seveni m'mawa kudzatchinga mpanda, ndipo chilichonse chopezeka m'katimo chitengedwa ndi anthu ogula zitsulo zakutha. Achimwene sanade nkhawa kwenikweni. Mnzawo wa kuntchito, Daniel, anali atawauza kale kuti angakaimike kuseri kwa nyumba yake ku Paisley, ndipo mapepala a galimoto anali bwinobwino. Chimene chinatsala n'kungoiliza basi. Anakhala pampando, anapotokola kiyi, galimoto ili zii.

"Maness, yakana," anatero pa foni.

Anaimbira ine chifukwa m'banja mwathu wodziwa injini ndine. Bambo athu anali makaniko ku Chilomoni, ndipo pamene achimwene ankathawa girisi n'kumakabisala m'mabuku, ine ndinali pansi pa galimoto kupatsira masipanala. Bambo ankati ndikanakhala mwamuna akanandisiyira galaja. Anaisiyira msuweni wina amene anaigulitsa chaka chisanathe.

Ndinafika Loweruka m'mawa ndi kachikwama kanga ka zida. Kunkagwa kamvula kaja ka kuno, kosamveka padenga koma kolowa mpaka m'mafupa. Makileni aataliatali onyamulira zitsulo kopangira sitima zapamadzi ankangooneka mbuu cha kumtsinje. Achimwene anatuluka atavala majuzi awiri, ndevu zosameta, ndipo ndinawamvera chisoni chimene sindinafune kuti achione. Ndinangoti atsegule boneti.

Bambo anandiphunzitsa kuti galimoto ikakana kulira, usathamangire chinthu chachikulu. Yambira pa batire, utsate moto mpaka pamene wathera. Galimoto zogonamo zimakhala ndi mabatire awiri, lina la injini, lina la magetsi a m'chipinda, ndipo achimwene anali atatha tsiku lonse la Lachisanu akupukuta la m'chipinda. Ndinawaseka pang'ono, iwonso anaseka. Ndinayeza la injini ndi kamita kanga, moto unalimo wokwanira. Ndinamasula mitu yake, n'kupala zoyera zonse zimene zinamera pamenepo, n'kumanganso.

"Potokolani."

Timagetsi ta kutsogolo tinayaka, koma kunalibe ngakhale kaphokoso. Ndinawauza kuti agwedeze kiyi uku akupotokola, poganiza kuti mwina polowetsa kiyipo panatha, koma sizinasinthe kanthu. Mafyuzi anali amoyo. Ndiye ndinayala katoni pamatope n'kulowa pansi ndi tochi.

Sitata ndi kamota kamene kamapukusa injini kuti iyambe kulira. Pamsana pake pamalowa kawaya kakang'ono kochokera ku kiyi. Kawayako ndinakapeza katabiriwira ndi dzimbiri, ntchito ya mchere umene amathira m'misewu ya kuno nthawi yozizira. Ndinakadula, n'kusenda pabwino, n'kukalumikizanso.

"Potokolaninso."

Inati tha! kenako rrr, rrr, rrr, mwaulesi, ngati munthu amene wadzutsidwa ali ndi malungo. Timagetsi tinazimirira. Achimwene anakuwa m'galimotomo kuti yatsala pang'ono, ndipo ine mtima unakhala m'malo. Sitata inali yamoyo, kungoti moto sunkaikwana. Ndinapapasa m'mbali mwa injini kufuna chingwe cha ethi, chimene chimabweza moto kuchoka ku injini kupita ku thupi la galimoto. Nditachigwira chinali chotentha, ndipo timawaya take tambiri tinali titaduka, kutsala tochepa tokha. Ndinatuluka pansipo ndikumwetulira, matope mpaka m'makutu.

"Achimwene, matenda ndawapeza. Ndi ethi. Tikangopeza majampa, zingwe zija zopatsirana moto wa batire, ndilumikiza batire ndi injini mwachindunji, ilira. Mukagona ku Paisley lero."

Majampa tinalibe. Achimwene anaimbira Spencer, mnyamata wa kutchalitchi kwathu amene amayendetsa galimoto yoperekera katundu, kuti atibwereke. Pamenepo ndi pamene zinthu zinapotokera. Spencer ndi munthu wabwino, koma pakamwa pake sipagona nkhani. Anailemba pa gulu la pa foni la abambo a mpingo, kuti mbale wathu Dunstan galimoto yamuvuta ku Govan. Patatha ola limodzi tinaona galimoto yake ikulowa pageti, ndipo kumpando wakutsogolo kunali Bambo Msowoya.

Bambo Msowoya ndi mkulu wa mpingo, wa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo sindingawanenere zoipa. Achimwene atangofika kumene mu Glasgow, osadziwa ngakhale kokwerera basi, anawasunga m'nyumba mwawo miyezi itatu. Maliro akagwa ndi iwo amene amayendetsa zonse mpaka thupi litakwera ndege. Koma munthu wamkulu akabwera kudzakuthandiza, kwathu ntchitoyo imakhala yake, iwe mwini wake umasanduka wopatsira zida. Anatsika ndi ambulera yawo.

Moni yekha anatenga nthawi. Mwadzuka bwanji, ana adzuka bwanji, nanga miyendo ija ikupeza bwanji.

"Mayi ali bwanji kunyumba?" anafunsa Bambo Msowoya.

"Ali bwino, bambo," anayankha achimwene.

"Eee, anthu olemera inu. Anzanu tikuvutika ndi nyumba imodzi, inu ziwiri, ina ya matayala!"

Spencer anaseka, achimwene nawonso anaseka. Makatani onse a kumbuyo anali atatseka kale, ndipo chitseko cha chipinda anali atakhoma.

Ndinapinda mawondo pang'ono monga mwa ulemu n'kunena kuti, "Bambo, vuto talipeza kale. Ndi chingwe cha ethi. Timangofuna majampa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwachifundo ndithu. "Aa, mwana wanga, taonani mmene mwadera. Abambo tabwera tsopano. Inu lowani m'katimo mutiikire katiyi."

"Gasi anatha, bambo," achimwene anayankha msangamsanga.

"Chabwino. Dunstan, tapotokola timve."

Rrr, rrr, rrr. Bambo Msowoya anapendeketsa mutu, maso atatsinzina, n'kugwedeza chala.

"Imeneyi ndi sitata. Ine ndinali ndi maminibasi atatu pa msewu wa Limbe kupita ku Zomba, kulira kumeneku ndimakudziwa. Yagona, ikufunika kuidzutsa. Spencer, tabweretsa wilo sipanala."

Sanali kunama. Kwathu aliyense amene anakwerapo minibasi anaonapo kondakitala akulowa pansi ndi chitsulo, go go go, galimoto n'kulira, anthu n'kuombera m'manja. Masitata a maminibasi akale aja m'kati mwake munali mawaya a kopa okhaokha, ukhoza kuwamenya chaka chonse. Koma iyi ndinali nditaiona ndi tochi. Inali yaing'ono, ya mtundu wokhala ndi maginito m'kati, ndipo maginito amenewo sachedwa kusweka.

"Bambo, pepani," ndinatero, "iyi si ya mtundu uja. Ili ndi maginito. Ikamenyedwa amasweka. Tiyese kaye majampa, ndi mphindi ziwiri zokha."

Spencer anayamba kuyang'ana nsapato zake. Bambo Msowoya sanakwiye, anangotembenukira kwa achimwene n'kudikira, chifukwa mwini galimoto anali iwo, mwamuna anali iwo, ndipo wamkulu kwa ine analinso iwo.

"Maness," anatero achimwene chapansipansi. "Asiye bambo aone."

Ndinawayang'ana, iwo n'kuyang'ana kumbali. Ankadziwa kuti ndikunena zoona. Ankadziwanso kuti imeneyo ndi nyumba yawo yokhayo. Koma kuuza munthu amene anakusunga miyezi itatu, pamaso pa mnyamata, kuti mlongo wanga wamng'ono akudziwa kuposa inu, pakamwa pawo sipakanatuluka zimenezo. Ndipo ine ndisadziyeretse. Sipanala inadutsa pafupi ndi dzanja langa pamene Spencer ankaipereka, ndikanatha kuigwira. Sindinaigwire. Tinaleredwa m'nyumba imodzi, ndipo manja anga anangopita okha kumbuyo.

Bambo Msowoya anapatsa Spencer ambulera, anagwada pa katoni yanga ndi mawondo awo odwalawo, n'kulowetsa mkono. Go! Kamodzi.

"Potokola!"

Rrr, rrr.

"Mwamva? Ikudzuka."

Go! Go! Kachiwiri anawonjezera mphamvu. Kachitatu anagwira ndi manja onse awiri, ndipo kulira kwa chitsulo kunasintha. Ena sanamve, koma ine ndinamva, ngati mbale yadothi ikang'aluka m'beseni.

"Potokola!"

Inangoti gwa! basi. Timagetsi tinathima, ndipo kunabwera kafungo ka waya wopserera. Anamenyanso kawiri, achimwene anapotokolanso kawiri, koma rrr uja sanabwerenso. Bambo Msowoya anadzuka movutikira, akupuma mwaphuma, thalauzi lonse matope.

"Chabwino, mwana wanga, yesani majampa anuwo."

Ndinalumikiza. Achimwene atapotokola, sitata inagunda mwamphamvu kuposa kale, umboni woti moto tsopano ukufika wonse, koma sinazungulire. Majampa anatentha m'manja mwanga mpaka ndinakuwa kuti asiye.

"Mwaona?" anatero Bambo Msowoya mofatsa. "Si ethi. Sitatayi inali itafa kale. Koma mwayesetsa, muli ndi mtima wothandiza."

Ndinachotsa majampa aja n'kumubwezera Spencer.

Kenako anati tiikankhe, monga timachitira kwathu. Galimoto yolemera ngati lole, pabwalo la matope lokwera cha kugeti, okankha atatu, mmodzi nkhalamba. Inasuntha mapazi anayi, tayala lakumbuyo n'kutitimira. Spencer anayesa kuikoka ndi yake, chingwe chinaduka. Mvula inali itakula tsopano. Bambo Msowoya anati tipemphere, ndipo tinaima mozungulira boneti, mitu pansi, iwo akupempha Mulungu kuti atsegule njira kuti mbale wathu Dunstan adzathe kupita ndi banja lake kokapuma dzuwa likadzabwerera. Ine maso sindinatseke.

"Usadandaule, si yothamangira," anatero potsanzika. "Uitanitse ina, ukaika ilira."

Achimwene anawagwira dzanja ndi manja awiri, atawerama. "Zikomo kwambiri, bambo. Mwavutika chifukwa cha ine."

Atangotuluka pageti tinayamba kuimba mafoni. Masitolo a zida za galimoto onse anati sitata ya galimoto yakale choncho sasunga, aitanitse, ifika Lachinayi. Kumalo ophwasulira galimoto zakutha, awiri anati alibe, ena anali atatseka kale mpaka Lolemba. Annette anapepesa kambirimbiri, anati malowo salinso m'manja mwake ndipo eni atsopano sawadziwa n'komwe nkhope. Wa bulekidauni mmodzi yekha ndiye anavomera kudzaikoka pamatopepo Lamlungu, koma atatchula mtengo wake achimwene anangoti zikomo n'kudula foni.

Lamlungu sindinapite kutchalitchi. Ndinabwerera ku Govan ndi kachiyembekezo kopusa koti mwina china chake changokodwa, ndikhoza kuchikonza. Ndinamasula mabawuti atatu, lachitatu linandisupula chala, n'kuitulutsa sitata ija. Pathupi pake panali mabala asanu onyezimira. Nditaigwedeza inalira tsekeretsekere. Ndinaitsegulira patebulo la m'galimoto, pakati pa kapu ya achimwene ndi mswachi wawo, ndipo tizidutswa takuda ta maginito tinakhuthukira pa nyuzipepala. Zina zonse m'katimo zinali zabwino. Ikanatha kugwira ntchito zaka zina zisanu.

Pamenepo ndiye ndinaphulika. Ndinakulunga tizidutswato mu nyuzipepala n'kunena kuti ndikupita nato kutchalitchi, mapemphero asanathe, ndikawaikire Bambo Msowoya m'manja.

"Ukapindulanji?" anafunsa achimwene.

"Adziwe chimene achita!"

"Iwo angoona ngati aononga chidole cha munthu wolemera. Apepesa, aseka, nkhani yatha. Kuti amve kupweteka kwake, uyenera kuwauza kuti ndimagona muno. Ukawauza iwo, wauza mpingo wonse. Pofika madzulo ndiye kuti ndi ku Chilomoni komwe amva."

"Ndiye bwanji? Akuthandizani! Si iwo anakusungani kale?"

"Anandisunga ndili mlendo, Maness. Pano ndatha zaka khumi ndi ziwiri kuno. Ndine amene ndimalangiza anyamata ofuna kukwatira." Anakhala pabedi n'kuyamba kupinda malaya. "Iwe sunalakwe. Ndinamva zimene unanena dzulo. Ndinamva bwinobwino."

Ndikanakonda akanandikalipira. Ndinakhala pansi n'kulira, kulira kwa mkwiyo, iwo akupitiriza kupinda zovala ngati munthu wokonzekera ulendo wabwino. Titatero tinagawa katundu. Mabuku, mapoto ndi suti ndinatenga ine kukabisa pansi pa bedi langa. Bulangeti ndi zovala za kuntchito zinalowa m'zikwama zawo. Matiresi, kasitovu ndi kahita zinali zomangirira ku galimoto, sitikanatha kuzichotsa.

Lolemba ndinapempha kuti ndilowe mochedwa kuntchito. Pofika seveni kunali kusanayere bwino, ndipo anthu a zipewa zachikasu anali atayamba kale kutsitsa zitsulo za mpanda. Ogula zitsulo zakutha anabwera ndi chilole chokhala ndi unyolo. Dalaivala wake, mzungu wonenepa wansangala, anazungulira galimoto ija, anaimenya pambali ndi chikhatho, n'kufunsa kuti yavuta chiyani. Nditamuuza kuti sitata yokha, anapukusa mutu n'kunena kuti n'zachisoni, injini za mtundu umenewu sizifa. Anapatsa achimwene pepala loti asaine. Anasaina atatsamiritsa pa boneti, inki ikufalikira ndi mvula.

Unyolo unakoka, tayala lija linazuka m'matope, nyumba ya achimwene n'kuyamba kukwera chammbuyo. Pomwepo foni yawo inalira. Anayang'ana dzina, anayang'ana ine, n'kuyankha atatembenukira kukhoma kuti phokoso la unyolo lisamveke. Koma Bambo Msowoya amalankhula mokweza pa foni, ndinamva zonse.

"Dunstan, dzulo sitinakuone kutchalitchi. Ndagona ndikuganiza za galimoto ija. Zili bwanji?"

"Yalira, bambo."

"Yalira? Aleluya! Ndinanena ine kuti imangofunika kuidzutsa. Nthawi zina zimatenga tsiku kuti zimve."

"Inde, bambo. Ambuye akudalitseni."

"Upereke moni kwa mayi."

"Amva, bambo."

Chilole chinatuluka pageti n'kukhotera kumsewu waukulu. Pamene panali galimoto panatsala malo ouma, ndipo mvula sinachedwe kuwanyowetsa. Mmodzi wa omanga aja anatipempha mwaulemu kuti tituluke, akufuna kutseka. Tinanyamula chikwama aliyense n'kuyenda mpaka pa siteshoni ya basi.

"Achimwene, ndiye lero mukagona kuti?"

Anayang'ana wotchi, kenako anayang'ana kumene kumachokera basi.

"Shifiti yanga ikutha faifi," anatero. "Ndiganiza ndikutsuka mbale."